Pepala la Bambo M'chikopa Chonyowa

Ntchito yanga ndi yosoka nsapato. Ndimakhala pakhonde la sitolo ina pamsika wa kuvila, ndiko kuti tauni ya Milange, ndipo anthu amandidziwira nsapato zoyasama kukamwa, malamba a zikwama za ana a sukulu ndi zishalo za njinga zonyamula anthu. Zimenezo ndiye zimagula mchere ndi sopo kunyumba kwanga. Koma ntchito imene ndimadziguguda nayo pachifuwa ndi ina, yogoba zithunzi pachikopa. Ndinaiphunzira kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, kwa mkulu wina amene ankakonda kutukwana kuposa kuphunzitsa, ndipo mpaka lero sindinakumane ndi munthu kuno amene angandipose. Mkazi wanga amati kudzitama kumeneku ndiye matenda anga. Sanama.

Bambo anga ndi munthu wakale, wobadwira konkuno m'mphepete mwa phiri la Tumbine. Koma pepala la boma losonyeza zimenezo analibe. Bilyeti lawo, chiphaso chija chokhala ndi chithunzi, linapsa pamodzi ndi nyumba tsiku limene tinathawa nkhondo. Titabwerako ankangoti mawa, mawa, mpaka zaka zinawunjikana. Tsiku lina akuchokera kuchigayo, msilikali wina wachinyamata anawaimitsa pamsewu nkuwafunsa bilyeti. Atamva Chinyanja chawo, chimene chinakhathamira za ku Malawi m'zaka za kukampu, anati, "Madala, inu ndinu Mmalawi." Anawakhazika pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, thumba la ufa lili pambali, anthu akudutsa nkumawayang'ana. Anawamasula, inde, koma bambo anabwerako ali munthu wina. Anasiya kupita kuvila. Ngakhale kuchipatala ankakana, ati angakandiwolotse mtsinje wa Muloza kupita ku Malawi ngati katundu wozembetsa.

Pepala limodzi lokha ndi limene linapulumuka pankhondo: la ubatizo, limene ansembe a kumishoni anawalembera ali khanda. Linali lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Ankalisunga m'jumbo ya shuga, jumboyo m'chitini cha mkaka, chitinicho m'denga. Ndiye chaka china, mwezi wa Okutobala, kunamveka kuti brigada ya olembetsa anthu ibwera kusukulu ya kwathu ndipo ikhala masiku asanu, Lolemba mpaka Lachisanu. Okalamba amene mapepala awo anapsa ankafunika kubwera ndi mboni za msinkhu wawo kapena pepala lakale. Mboni za msinkhu wa bambo zonse zili kumanda. Kunatsala pepala lijali basi.

Ine ndinaganiza zowapangira chikwama cha m'thumba, chimene ena kuno amati kartera, kuti akafike pamaso pa anthu a boma ngati munthu wolemekezeka, osati kukafutukula jumbo ya shuga patebulo. Ndinapita kwawo, kumene amakhala ndi mlongo wanga, ulendo wa kamphindi kuchokera kwathu, nkuwauza.

"Chikwama ndikaikemo chiyani? Ndalama ndili nazo ine?" anatero.

"Mukaikamo pepala lanu, bambo. Kenako bilyeti likatuluka."

"Jumbo yalakwa chiyani?"

"Jumbo ndi ya shuga."

"Iwe, ukufuna anthu akaone luso lako kusukuluko. Ndakudziwa."

Anaseka mpaka kutsokomola. Ine ndinakwiya, chifukwa anali atalasa pomwepo.

Chikopa chogobapo si chilichonse. Cha mipando ya galimoto kapena cha nsapato zakaunjika, ukachidinda chimabwerera ngati mpira. Chimafunika cha ng'ombe, chofufutidwa ndi makungwa a mitengo, ndipo ine ndinali ndi chidutswa chimodzi chabwino, cha pamsana, chimene ndinagula kwa munthu wina wa ku Mocuba nkuchibisa pansi pa bedi zaka ziwiri. Zipangizo zanga nzopanga ndekha. Mpeni ndinasula ku sipoko ya njinga yamoto. Zodindira ndi misomali ikuluikulu imene ndinaipala mitu ndi tupa: wina wa kadontho, wina wa kamwezi, wina wopendama wogonekera chikopa m'mphepete mwa mzere. Nyundo ndi ya mtengo, ndipo pansi ndimaika mwala waphwatalala umene ndinausenza kuchokera kumtsinje.

Loweruka sindinapite kumsika. Ndinadula chikopa m'mawa nkuchinyowetsa ndi kansalu mbali zonse. Chinsinsi cha ntchitoyi ndi madzi. Chikopa chikanyowa kwambiri chimafewa ngati phala, mzere sugwira. Chikauma, mpeni umakana nkuthawira kumene sunautume. Umadikira mpaka mtundu wake uyambe kubwerera, koma ukachiika patsaya nkumamvabe kuzizira ngati mtsuko. Pamenepo ndiye umayamba, ndipo ukayamba sulandira alendo.

Ndinasankha nkhanga. Bambo ali ndi mphamvu anali katswiri wotchera nkhanga, ndipo ife tinakula tikudziwa kuti nyama ya nkhuku ndi ya anthu osadziwa misampha. Ndinayamba ndi msomali wobuntha, kulemba mopepuka nkhanga itaimirira pakati pa nthambi za nandolo, khosi litatambasuka ngati yamva phazi la munthu. Kenako mpeni. Mpeni umalowa theka lokha la chikopa, chifukwa ukaboola palibe chigamba chimene chingabise. Pamlomo wa nkhanga ndinagwira mpweya, pazala zake ndinatuluka thukuta la pamphuno. Nditamaliza kudula ndinatenga msomali wopendama nkuyenda nawo m'mphepete mwa mizere yonse, kugogoda pang'onopang'ono, mpaka chikopa cha kumbali chinagona ndipo mbalame inatumphuka.

Kunatsala madontho. Nkhanga yopanda madontho ndi nkhuku yodwala, ndiye ndinadinda kamodzikamodzi, go, go, go, aakulu pamsana, aang'ono chakukhosi, osalola awiri kugundana. Mkazi wanga anatuluka kukhitchini atagwira mutu.

"Gogomole wa pakhomo pano adzapuma liti?"

"Bwerani mudzaone kaye."

Anaona, kenako anati, "Yatsala kulira basi." Mawu amenewo ndinagona nawo, ndipo Lamulungu kutchalitchi ulaliki wonse unandidutsa ndikuganiza za nkhanga yanga.

Lolemba, tsiku limene brigada inafika, ine ndinali pa ntchito yopinda. Nthawi zonse ndikamapinda chikwama ndimasema kathabwa kofanana muyeso ndi chinthu chimene chidzalowemo. Ndimanyowetsa chikopa, ndimachipinda mozungulira kathabwako, kenako ndimatsindira mwala uja pamwamba kuti chiume chitagwira mpindo. Koma tithabwa tanga tonse tinali ta muyeso wa mapepala a masiku ano, pamene la bambo linali la muyeso wa ansembe akale. Ndinapita kukalibwereka kuti ndisemere kathabwa katsopano.

Bambo anakwera pampando okha, kukana kuti ndiwagwire, natsitsa chitini.

"Ukayeze, ubwere nalo lero lomwe. Ine ndipita Lachitatu, anthu akachepako. Usalisiye pamphepo. Usampatse mkazi wako, manja ake amakhala ndi mafuta."

"Bambo, ndine mwana ine?"

"Kwa ine, eya."

Nditafika kunyumba ulesi unandinong'oneza. Kusema kathabwa kukanatenga ola lathunthu, ndipo ine ndinkafuna kuona msanga mmene nkhanga ikhalire chikwama chikapindika. Ndinati ndingoyerekeza kaye. Ndinanyowetsa chikopa, ndinatulutsa pepala m'jumbo, ndinaligoneka mkati nkupinda, kuti ndione pamene mpindo ugwere, ndiikepo chizindikiro ndi chikhadabo, kenako ndilichotse lisanamve chinyezi. Inali nkhani ya kuphethira kwa diso.

Nthawi yomweyo mkazi wanga anakuwa panja.

"Mvula! Bambo ake, nandolo!"

Nandolo yense wa chaka chimenecho anali pabwalo, pamphasa ndi pamasaka, ndipo mvula yoyamba ija ya chizimalupsa sigogoda pakhomo. Apa ndi pamene dzanja langa linandipereka. Kwa zaka zambirimbiri dzanja limeneli likapinda chikopa limanyamula mwala nkutsindira, osafunsa mutu. Linachita zomwezo. Ine ndinatuluka ndi liwiro, mutu uli kale pa nandolo.

Tinaola wathu, tinathamangira kwa oyandikana nafe kukaola wawo, kenako denga la nkhokwe linayamba kudontha ndipo ndinakwera kukalivindikira ndi pulasitiki. Pawiripawiri sipauzirika, akulu ananena. Mvula itakata ndinasamba, ndinamwa tiyi, ndinayambanso kusimba mmene ndinanyamulira masaka awiri nthawi imodzi. Dzuwa litatulukanso chakumadzulo ndinalowa m'kachipinda kanga kogwiriramo ntchito ndikuimba likhweru. Patebulo panali jumbo ya shuga, yopanda kanthu.

Ndinachotsa mwala, ndinasuzumira mkati mwa mpindo, ndipo chimene ndinaona sindidzachiiwala. Pepala linali litamwa madzi a chikopa, lofewa ngati tsamba la mpiru lofwafwaza, litakakamira mbali zonse ziwiri. Nditayesa kukoka pang'ono, kangodya kanatsalira pachala changa. Ndinasiya pomwepo. Ndinakhala pansi, padothi, ndikuyang'ana kangodya kaja.

Mkazi wanga anandipeza choncho.

"Mwatani? Mwadzicheka?"

Ndinamuonetsa. Anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Pepala la apongozi! Litulutseni msanga!"

"Khoswe wakhala pamkhate uyu. Ndikakoka, ling'ambika. Ndikayanika padzuwa, chikopa chikhwinyata msanga nkuling'amba chokha. Pamoto ndiye usanene."

"Ndiye mutani?"

Njira inali imodzi yokha. Chikopa chikamauma pamthunzi, pang'onopang'ono, chimasiya chokha zimene chagwira. Ndinaika chikwama pa alumali pafupi ndi zenera, ndinalowetsa timitengo ta machesi pakamwa pake kuti mphepo izilowa, ndipo ndinati ndiziwonjezera timitengo chikamalola. Koma mvula ija inali itasiya chinyezi ponseponse, moti ngakhale malaya pachingwe sankauma. Brigada inali yochoka Lachisanu. Ndiponso sindinkadziwa kuti pepala likatuluka zolemba zikhalapo, kapena madzi azisungunula nkusiya chithaphwi cha inki.

"Pitani mukawauze tsopano lino," mkazi wanga anatero.

"Ndikawauza chitauma. Inu mupite mawa mukanene kuti ndikumaliza kuyeza."

"Ine? Bodza lanu musenze nokha, bambo ake. Langa ndi dengu."

Sindinapite. Ndikuvomera poyera kuti ndinachita mantha, munthu wa imvi, wa ana okwatiwa. Lachiwiri ndinalawirira kumsika kuti bambo akabwera asandipeze. Tsiku limenelo ndinasoka chidendene cha nsapato ya mphunzitsi pa nsapato ya wogulitsa nsomba, ndipo onse awiri anandiuza za kukhosi. Pamsewu ndinkaona okalamba akuchokera kusukulu, atagwira timapepala tawo toyembekezera bilyeti, akuyenda ngati achinyamata. Masana ndinapalasa njinga kubwerera kunyumba kukawonjezera timitengo tiwiri. M'mphepete munali mutayamba kuyera, koma mkati munali mukadali mwakuda ndi madzi.

Lachitatu m'mawa, ndisanatulutse njinga, ndinamva ndodo ikugogoda pabwalo. Bambo anali atavala jekete la kutchalitchi ndi chipewa, nsapato zitapolishidwa, okonzeka kupita kusukulu. Mkazi wanga anagwada, anawalonjera, anawapatsa mpando, kenako anakumbukira mwadzidzidzi kuti kudimba kuli ntchito. Anandisiya ndekha.

"Ndadikira Lolemba. Ndadikira dzulo," bambo anatero. "Pepala langa."

"Chikwama chatsala pang'ono, bambo. Nkhanga yake mukaiona..."

"Sindinafunse za nkhanga."

Ndinagwada. Ndinawauza zonse, za kathabwa kamene sindinaseme, za mvula, za mwala, za kangodya. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndikanakonda akanakalipa, mwinanso kundigogoda ndi ndodo. Koma anangovula chipewa nkuchiika pabondo.

"Ndione."

Ndinawalowetsa m'kachipinda. Anayang'ana chikwama chili pa alumali, chitayasama ndi timitengo ta machesi. Anatambasula dzanja.

"Musakhudze, bambo."

"Oho. Tsopano ukudziwa kusamala."

Anakoka mpando nkukhala pakhomo pa kachipindako, osavula jekete. Anakhala pamenepo tsiku lonse. Chakudya chimene mkazi wanga anabweretsa anangolawa. Ine ndinkalowa ndi kutuluka, kusuntha timitengo, kupemerera ndi chivindikiro cha ndowa, kuchita zinthu zopanda pake kuti manja asakhale chabe. Chakumasana bambo analankhula, maso ali kwina.

"Ukukumbukira tikuwoloka Muloza?"

"Pang'ono, bambo."

"Madzi ankakufika m'khosi. Dzanja ili linagwira iwe, ili linagwira mlongo wako. Pepalalo linali m'kansungwi, kansungwiko ndinakaluma ndi mano mpaka tsidya. Mtsinje unalilephera. Nkhondo inalilephera. Chiswe cha kukampu chinadya mabulangeti koma ilo chinalilephera." Anapuma kaye. "Lapezeka ndi mwana wanga, pamtunda, m'nyumba ya malata."

Ndinasowa poika nkhope. M'moyo wanga ndatukwanidwapo ndi makasitomala, ndi apolisi, ndi mkulu uja wa kukampu, koma palibe mawu amene anandipweteka ngati amenewo, chifukwa sananenedwe mwaukali. Ndinkadziwa kuti pepalalo likafa, bambo afa ali mlendo m'dziko lawo, ndipo wolakwa adzakhala ine ndi kudzitama kwanga.

Mulungu satayana ndi opusa. Lachinayi kunacha ndi mphepo youma yochokera kuphiri, ndipo malaya a pachingwe anauma kusanatenthe. Bambo anafikanso m'mamawa, ulendo uno opanda jekete. Chikopa chinali chitabwerera mtundu wake, ndipo nditachiika patsaya sichinkaziziranso. Ndinasema kansungwi kopyapyala, ndinakapala ndi galasi mpaka kanasalala ngati tsamba la nthochi, ndinasamba m'manja kawiri nkupukuta bwinobwino.

"Gwirani chikopa mbali iyi," ndinauza mkazi wanga. "Musakoke. Mungogwira."

Bambo anatembenuza mpando nkuyang'ana mtengo wa magwafa panja.

Ndinalowetsa kansungwi pakati pa pepala ndi chikopa, kuyambira pangodya yong'ambika ija. Kanalowa. Ndinakakankha pang'ono, ngati mmene umasendera chilonda chouma, ndikumvetsera ndi zala. Pakati panali malo amodzi okakamira, pomwe mwala unatsindira kwambiri. Pamenepo ndinaima, ndinapuma, ndinazungulira mbali ina. Thukuta linkadontha kuchibwano ndipo mkazi wanga ankalipukuta ndi chitenje kuti lisagwere pa pepala. Sindikudziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Ndinangomva kaphokoso kakang'ono, tswe, ndipo mbali yapamwamba inamasuka. Yapansi sinavute. Pepala linatuluka lathunthu, kupatula kangodya kaja, lili lofiirira ngati tsamba la fodya.

Ndinaligoneka patebulo nkulitembenuza kuti ndione zolemba. Kuyambira ubwana wanga zolemba zimenezo ndinkazidziwa zili zofufuma, zoti uzipendeketsere kudzuwa nkutsinzina diso limodzi kuti uwerenge. Tsopano zinali zakuda bii, chilembo chilichonse chitaima pachokha ngati wansembe walemba sabata yatha. Ine si mphunzitsi, koma ndikudziwa kuti msomali ukagona pachikopa chonyowa umasiya banga lakuda losachoka. Mwina inki ya ansembe akale inali ndi chitsulo, ndipo madzi a makungwa anaidzutsa. Ndikungoganiza chabe.

Mkazi wanga anakhala pansi nkunena kuti, "Ambuye Yesu." Ine ndinayamba kuseka, kuseka kopusa kosaletseka, misozi ikutuluka.

Bambo sadziwa kuwerenga. Anatembenuka pang'onopang'ono.

"Zafufutika?"

"Ayi, bambo! Zikuoneka kuposa kale!"

"Iwe usandinamizenso." Anayang'ana mkazi wanga. "Apongozi, ndiuzeni inu. Muwerenge."

Mkazi wanga anapukuta manja pachitenje, anawerama osakhudza pepala, ndipo anati, "Zoona, apongozi. Zonse zilipo. Chidindo chomwe chikuoneka."

Bambo anapumira m'mwamba, mpweya wautali, ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Nanenso mtima unakhala pansi. Ndinamva mapewa akutsika, ndinamva mbalame zikulira panja, ndipo njala ya masiku atatu inandigwera nthawi imodzi. Ndinadya mbatata zonse zimene zinatsala m'mawa, nditaimirira. Mimba itadzaza, matenda anga aja anayambanso kudzuka.

"Mukuona bambo," ndinatero, "kunena zoona chikopa changachi chakonza pepala lanu. Chikanakhala chikopa wamba..."

Mkazi wanga anandiyang'ana ndi diso lija limene ana athu amalidziwa. Bambo anavala chipewa.

"Fisi akagwa m'mbuna salankhula," anatero.

Ndinatseka pakamwa nkubwerera kuntchito. Choyamba ndinasema kathabwa, kamene ndikanayenera kusema Lolemba, ndipo kananditengera nthawi yochepa kuposa mmene ndinkaopera. Ndinaboola mabowo m'mphepete ndi singano ya nsapato, motalikirana mofanana, ndinapaka ulusi phula la njuchi nkusoka ndi masingano awiri, imodzi uku ina uku, kukoka mfundo iliyonse mpaka ulusi utalowa m'chikopa. M'mphepete ndinapala ndi galasi, ndinapaka phula nkukhuta ndi kamtengo kosalala mpaka munawala. Pomaliza ndinadontheza mafuta a nsatsi pakansalu nkupukuta kunja kokha. Nkhanga inada pang'ono, madontho anaonekera, ndipo mpindo umene mwala unatsindira unali wowongoka bwino kuposa wa chikwama chilichonse chimene ndinapangapo. Zimenezi sindinauze munthu.

Bambo analandira chikwama ndi manja awiri, anachitembenuza, anasisita nkhanga ndi chala chachikulu. "Miyendo yatalika," anatero. "Koma ndi nkhanga." Kenako analowetsa pepala m'jumbo ya shuga, napinda jumboyo, nailowetsa m'chikwama. Sindinatsutse.

Lachisanu ndinawakweza panjinga kupita kusukulu. Linali tsiku lomaliza, ndipo mzere unali wa anthu onga ife, ochedwa ndi zifukwa zawo. Tinadikira pansi pa khonde mpaka dzuwa linakwera. Nkhawa inabweranso, chifukwa pepala linali lathunthu koma mtundu wake unali wachilendo, ndipo anthu a boma akakana chinthu sufunsa kawiri.

Patebulo panali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wotopa, wolankhula Chipwitikizi ndi Chinyanja chongotola. Bambo anatulutsa chikwama m'jekete nkuchiika patebulo mwaulemu. Mtsikanayo nkhanga yanga sanaiyang'ane nkomwe. Anadikira bambo afutukule jumbo, analandira pepala, analikweza m'mwamba nkukwinya nkhope.

"Papa, pepala ili linagwera mu tiyi?"

Bambo anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana denga.

"Ndi lakale, mwanangu," anatero.

Mtsikanayo analigoneka patebulo, anayendetsa chala pansi pa mizere, ndipo nkhope yake inamasuka. "Koma ansembe awa ankalemba bwino," anatero, nayamba kutaipa pamakina ake. Ankawerenga mokweza kuti bambo avomere. Anatchula dzina lawo, anavomera. Anatchula mudzi, anavomera. Anatchula dzina la bambo awo, anagwedeza mutu movomera. Kenako anatchula dzina la mayi awo.

Kwathu kuno munthu wamkulu satchulidwa dzina lake lobadwa nalo. Agogo amenewo anamwalira nkhondo isanayambe, ndipo onse amene ankawaitana ndi dzina limenelo anapita kalekale. Ine ndinali nditaliwerengapo chamumtima, koma ndinali ndisanalimvepo likutuluka pakamwa pa munthu. Bambo anaimirira, ngakhale palibe amene anawauza kutero, navula chipewa.

Mtsikanayo anadabwa. "Papa, ndalakwitsa? Si mayi anu amenewa?"

"Ndi omwewo." Kenako analoza pazenera ndi chipewa. "Agona apo, kutsidya kwa bwalo la mpiralo, pansi pa mitengo iyo."

Mtsikanayo anayang'ana pazenera kanthawi. Kenako anatenga chidindo nkumenya kapepala, phwa.

"Ndiye ndinu a konkuno, Papa. Khalani pampando uwo tikujambuleni."

Bambo anakhala, anawongola jekete, anadzutsa chibwano. Misozi inali ikutsika m'makwinya mpaka pakolala. Mtsikanayo anatsitsa makina ojambulira.

"Pukutani kaye kumaso, Papa. Ndidikira."

"Ayi, mwanangu," bambo anatero. "Jambula momwemo. Ndadikira kale ine."